Silinda ya Okosijeni ndi Imfa ya Agogo Anu

Masauso, Tamala ndi iwe Dalitso, za ubwana wanga ku Chadiza mwazimva kambilimbili, sindizibweleza pano. Mutu uno ndi wa zaka zimene ndinagwila nchito ya unesi pakati pa odwala chifuwa ku Petauke ndi ku Nyimba. Mulinso nkhani ya imfa ya agogo anu a Daka, imene aliyense wa inu anaimva mwa zidutswa kwa anthu osiyanasiyana. Ine ndinalipo, choncho ndiilemba mmene inachitikila.

1984 mpaka 1990, Petauke

Nditamaliza maphunzilo ananditumiza ku chipatala china m'boma la Petauke. Ndinafika pa lole ya feteleza, ndili ndi sutikesi ndi mbaula. Mkulu wa manesi anali Sisita Mulenga, Mbemba wa kumpoto, wamtali, wosaseka ndi wanchito aliyense. Anandiika mu wodi ya chifuwa chachikulu, imene inali kumapeto kwenikweni kwa chipatala, pafupi ndi mochale, mosungila mitembo. Manesi atsopano onse ankayambila kumeneko chifukwa akale sankafunako. Mawindo ankakhala otsegula ngakhale m'nyengo yozizila, ndipo wodwala akatseka, Sisita ankabwela n'kutsegulanso. M'mawa woyamba anandiimika pakhomo la wodiyo. Anati, "Usagwile munthu. Yang'ana chabe, undiuze amene afunika kuyambilila." Ine ndinaloza bambo wina amene ankatsokomola mokweza mpaka bedi kugwedezeka. Sisita anapukusa mutu. "Uyo ali ndi mphamvu zotsokomolela. Ona uyo wa pakona amene ali zii." Wa pakonayo anali atakhala tsonga, manja atagwila m'mphepete mwa bedi, mapewa akukwela ndi kutsika. Mphuno zake zinkatambasuka akamakoka mpweya, khungu likulowa pakati pa nthiti, milomo itada ngati wadya nthudza. Nditamufunsa dzina anatchula loyamba n'kupumila, lachiwili n'kupumilanso. Kuyambila tsiku limenelo ndinayamba kuona kapumidwe ka munthu ndisanaone nkhope yake, ndipo mpaka lelo m'tchalitchi kapena m'basi ndimadziwa amene ali ndi chifuwa choipa.

Phunzilo lachiwili ndinalilandila pa mwana wa zaka ngati zitatu amene ankapuma mwabefu. Ndinamvela m'chifuwa mwake ndi chopimila, kutsogolo ndi kumsana, koma munali mwabwinobwino. Sisita Mulenga anangotsitsa chikope cha mwanayo ndi chala, m'kati munali mbee. Anati, "Mapapo alibe mlandu apa. Mpweya ukulowa, ukufika mpaka m'timatumba tating'onoting'ono ta m'mapapo. Koma wounyamula kuchoka pamenepo kupita nawo ku mutu ndi ku miyendo ndi magazi, ndipo malungo amumaliza magazi mwana uyu. Ukamupatsa mankhwala a chifuwa udzamuika m'manda ali ndi mapapo abwino." Tinaitana atate ake kuti apeleke magazi, ndipo mwanayo anachila. Zimenezi zinali m'mabuku athu a ku sukulu, koma ndinazimvetsa tsiku limenelo. Munthu akabanika, vuto likhoza kukhala m'njila ya mpweya, monga mwa wodwala mphumu, kapena m'timatumba tija tikadzala mafinya ndi madzi, kapenanso m'magazi. Nchito yanga yonse kwa zaka zotsatila inali kufunsa kuti vuto lili pati.

Zosowa zinali zambili. Nyeleti zobayila odwala tinkaziwilitsa m'poto n'kugwilitsanso nchito mpaka zitabuntha. Mankhwala obaya a chifuwa chachikulu akatha tinkangopeleka mapilitsi n'kudikila. Mvula yoyamba ikagwa, odwala amene ayamba kupezako bwino ankathawa kukadzala, n'kubwelanso pokolola ali mafupa okhaokha. Chakumapeto kwa zaka zimenezi wodi inasintha. Poyamba munkagona nkhalamba ndi anthu obwela kumigodi, kenako munadzala anyamata ndi atsikana, aphunzitsi, apolisi, akazi a madalaivala. Edzi tinali tisanayambe kuitchula poyela. Sisita Mulenga anapuma pa nchito m'nthawi imeneyo n'kubwelela kwawo. Pondisanzika anangondisiyila chopimila chake cha m'chifuwa.

Atate anu, a Lameki Daka, ankaphunzitsa pa sukulu ya pafupi ndi chipatalacho, ndipo tinakwatilana mu 1987. Kwawo kunali ku Nyalugwe. Agogo anu aamuna anagwila nchito yoboola miyala pansi pa mgodi ku Kopabeluti zaka zambili, ndipo atabwelela kumudzi ankapitabe nthawi zina ku maenje akale a ku Sasare kukakumba ndi anzawo. Monga mwa mwambo, ine ndi iwo sitinkayang'anana kumaso kapena kukhala pamphasa imodzi. Tinkalonjelana chapatali, ine nditagwada, iwo atayang'ana kumbali. Koma kupuma kwawo ndinkakumva ndili kuseli kwa nkhokwe. Akachoka kudimba ankaima kangapo panjila, akudziyesa akuyang'ana mbuzi. Ndinauza atate anu kuti fumbi la miyala lawaumitsa mapapo, ndipo atawajambula ekisile zinapezeka choncho. Anadwalanso chifuwa chachikulu pamwamba pake. Chimenecho tinachichiza, koma mapapo oumitsidwa ndi fumbi alibe mankhwala.

1991 mpaka 1996, Luembe

Anandisamutsila ku kiliniki yaing'ono ya ku dela la Luembe, kumene ndinali nesi ndekha. Atate anu anapempha sukulu ya pafupi ndipo anawalola. Iwe Tamala unabadwila kumeneko. Okosijeni kunalibe, magetsi kunalibe, ndipo m'dzinja msewu unkaduka. Matenda aakulu a ana anali chibayo, chimene anthu a kumeneko amachitcha kalaso. Mwana ankafika atatemeledwa kale mphini pachifuwa, chifukwa makolo ankayamba kwa sing'anga wa pafupi. Sindinkawakalipila, poti kukalipa kunkangochititsa kuti ulendo wina asabwelenso. Amayi ndinkawaphunzitsa kuvula mwana malaya n'kuyang'ana pansi pa nthiti. Mayi wina, amene mwamuna wake anali msodzi, anandifunsa kuti, "Asisita, nanga nikaona palowa, nichite chinji, pakuti awisi mwana ali ku nsomba?" Ndinati, "Belekani mwana muyambe kuyenda. Awisi mwana adzakupezani kuno." Anaseka, koma chaka chotsatila anachitadi zimenezo.

Ku Luembe ndinaona ana ambili a chibayo akumwalila nyeleti ili kale m'thupi. Mankhwala amafuna masiku kuti agwile nchito, ndipo mwana wotopa ndi kupuma alibe masikuwo. Ku Petauke ndinali nditaona kuti mwana wotele ukamuika pa okosijeni, milomo imabwelela mtundu wake, amagona, mankhwala n'kupeza mpata. Ku Luembe ndinkadziwa chimene chikufunika koma ndinalibe. Ndakamba zimenezi kuti mudziwe zimene zinali m'mutu mwanga pofika chaka cha 1998.

1997 mpaka 1998, Nyimba

Kuchoka ku Luembe ndinapita ku chipatala china chaching'ono ku Nyimba. Mkulu wathu anali a Njobvu, amene anthu onse ankawatcha dokotala ngakhale maphunzilo awo sanafike pa udokotala. Anali munthu wodziwa nchito, wofatsa, koma wosafuna kudana ndi aliyense. Okosijeni inkabwela m'masilinda aatali achitsulo ochokela ku Lusaka. Lole inkatenga opanda kanthu n'kubweletsa odzala, ndipo tsiku lobwela silinkadziwika. Mutu womangilila pa silinda, wokhala ndi kawotchi kosonyeza mpweya wotsala, tinali nawo umodzi wokha wogwila nchito.

M'nyengo yozizila ya 1998 agogo anu anawabweletsa pa ngolo mpaka pamsewu, kenako pa galimoto ya wamalonda wina. Anabwela nawo atate anu aakazi, a Felesiya, mlongo wawo wa atate anu. Miyendo ya agogo anu inali itatupa, sankatha kugona chagada, ndipo zala zawo zinali zakuda kunsonga. Mtima unali utatopa ndi kukankha magazi m'mapapo ouma. Atate anu anali ku Chipata ku maphunzilo a aphunzitsi. Mu wodi ya amuna munalibe nesi wina sabata imeneyo, choncho mwambo tinauika pambali. Ndinawavula malaya apongozi anga, ndinawamvela m'chifuwa, ndinawasambitsa. Iwo ankatseka maso ndikamachita zimenezi. Tinawaika pa okosijeni ndipo anapezako bwino, mpaka anamwa phala ndi kufunsa za ng'ombe zawo. Koma tikayesa kuwachotsa kapaipi pamphuno, posakhalitsa ankayamba kuda milomo. A Njobvu anandiitanila pambali n'kunena kuti, "Amai Daka, tumizani uthenga ku Chipata. Awa sadzabwelela ku Nyalugwe." Ndinaimba foni ku positi. Yankho linabwela loti atate anu adzakwela basi yofika m'mawa wa Lachisanu.

Lachinayi masana silinda imene inali pa agogo anu inali yomaliza, ndipo kawotchi kanali katatsika kwambili. Pa mlingo umene iwo ankafuna, ikanawafikitsa m'mawa mwake, mwina mpaka basi itafika. Dzuwa litapendeka pang'ono kunafika bambo wina pa njinga kuchokela ku Luembe, mkazi wake ali pakaliyala ndi khanda la miyezi yochepa kumsana. Kanali kamtsikana. Nditakavula ndinaona pansi pa nthiti pakulowa mpaka kuoneka dzenje, kamutu kakugwedela ndi mpweya ulionse, ndipo kanali katasiya kuyamwa ndi kulila komwe. A Njobvu anakabaya nyeleti, kenako tinatuluka pakhonde awilife.

Anati, "Mudziwa kale zimene ndingakambe." Ndinati, "Kambani ndithu, bambo." Anati, "Khanda lifuna mpweya wochepa. Umene watsala ungalisunge masiku angapo, mankhwala n'kugwila. Madala aja, ngakhale lole itabwela lelo, tikukamba za masabata chabe." Ndinafunsa ngati tingagawe paipi kuti onse apumeko. Cholumikizila choyenela tinalibe, ndipo ngakhale tikanapanga cha ife tokha, mpweya ukanatha pa onse awili m'mawa, nthawi imene mwanayo akanaufuna kwambili. Kenako a Njobvu anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Koma ni apongozi anu. Ine sindingawachotse. Mukati akhale nayo, sindidzakuimbani mlandu. Mukati ipite kwa mwana, tingawauze kuti yatha." Ndinawayankha kuti a Felesiya ali pambali pa bedi, ndipo adzaona silinda ikugubuduzidwa kupita ku wodi ya ana. Bodza silikanathandiza. Ndinaona kuti mkulu wanga wandisiyila nkhaniyo, ndipo mwanayo analibe nthawi yoti tizikankhilana.

Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinalowa mu wodi ya amuna, ndinagwada pambali pa bedi monga ndinkachitila kumudzi, n'kuwauza agogo anu zonse: kuti kwabwela khanda, kuti silinda ndi imodzi, kuti ndiitenga. Mwina mwamva kwa ena kuti iwo anavomela okha n'kudalitsa mwanayo. Anthu a ku tchalitchi anakonza nkhani imeneyo pamalilo kuti atonthoze banja. Sizinali choncho. Agogo anu ankafuna kukhala ndi moyo, ndipo ankafuna kuona mwana wawo. Anatsegula maso n'kundiyang'ana kumaso, koyamba chikwatiwile changa, n'kunena kuti, "Apongozi, musachotse. Lameki abwela mailo." Nditatambasula dzanja anandigwila pamkono. Mphamvu analibe. A Felesiya anaimilila n'kukuwa kuti, "Mulamu, muchita chinji? Aba ni atata! Uyo mwana mumuziwa?" Ndinati, "Sindimudziwa." Ndinachotsa zala za agogo anu pamkono wanga, ndinamasula kapaipi, ndinatseka silinda, ndipo ine ndi mlonda wa pageti tinaigubuduza mpaka ku wodi ya ana.

Nditamuika mwanayo pa mpweya ndinabwelela kwa agogo anu. Ndinawakhazika tsonga ndi mapilo, ndinatsegula windo, ndinawapatsa mankhwala ochepetsa kubanika amene tinali nawo, ndipo ndinkawapepelela kumaso ndi katoni chifukwa kamphepo kamathandiza munthu wobanika kumva bwinoko. A Felesiya anandilanda katoniyo n'kumapepelela okha. Agogo anu sanandilankhulenso. Anafunsa za atate anu kangapo, kenako anayamba kusokonezeka, monga amachitila munthu mpweya ukachepa m'mutu, n'kumaitana anzawo a kumgodi. Anamwalila dzuwa likulowa. Atate anu anatsika basi m'mawa mwake atanyamula malalanje, ndipo a Felesiya anakawachingamila pageti ine ndisanafike.

Mwanayo anayamba kuyamwa Loweluka. Silinda inatha Lamulungu iye akutha kupuma yekha, ndipo lole inabwela mkati mwa sabata yotsatila. Zimenezi ndinazimva kwa a Njobvu, chifukwa ine ndinali ku malilo ku Nyalugwe. Nditabwelela mwanayo anali atatulutsidwa kale. Makolo ake sanauzidwe kumene mpweyawo unachokela, ndipo sindinamuonenso. Sindidziwa ngati anakula.

Ku malilo palibe anandinyoza poyela. Ndinatunga madzi, ndinaphika pamodzi ndi akazi anzanga, koma ndikakhala pamphasa ena ankapeza chochita kwina. Agogo anu aakazi anandilonjela kamodzi basi. Titabwelela kunyumba atate anu anakhala masiku angapo osakamba za nkhaniyo. Tsiku lina madzulo, inu mukusewela panja, anandifunsa kuti, "Amake Masauso, kodi atata anali kundifunsa?" Ndinati, "Inde, kangapo." Anati, "Mukanadikila mpaka m'mawa, mwana uja akanafa?" Ndinati, "Ndikhulupilila choncho. Kulumbila sindingalumbile." Kenako anati, "Chabwino." Sanaikambenso nkhaniyo mpaka imfa yawo, ndipo sanandiuzepo ngati anaona kuti ndinachita bwino kapena ayi. Pa tchuthi ankapita nanu ku Nyalugwe okha. Mukumbukila kuti ndinkati ndili pa nchito. Nthawi zina zinali zoona.

Ena anandifunsapo ngati ndikanachita chimodzimodzi akanakhala atate anga ondibala. Ndimayankha kuti ndiganiza choncho, koma sindinayesedwe.

1999 mpaka 2017, Nyimba

A Njobvu anasamutsidwa patapita zaka zochepa, ndipo ine anandipatsa kuyang'anila odwala chifuwa chachikulu, nchito imene ndinagwila mpaka kupuma kwanga mu 2017. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Nyeleti zowilitsa zinatha, mankhwala a chifuwa anayamba kubwela mokwanila, a edzi nawo anafika, ndipo anthu amene kale tikanawakonzela malo ku mochale ankabwelela ku minda yawo. Kunabwelanso makina okoka okosijeni kuchokela mumpweya wamba, ngakhale magetsi akathima tinkabwelela ku masilinda. Manesi achichepele anali ndi kachipangizo kopana pachala kosonyeza mpweya wa m'magazi. Kanali kabwino, koma ndinkawauzabe kuti ayambe ayang'ana munthuyo.

A Felesiya sanandilankhule kwa zaka zoposa khumi. Tikakumana pa malilo kapena pa ukwati ankayankha moni wanga ndi mutu. Mu 2009, m'mawa wina, ndinawapeza atakhala pa benchi ya odwala chifuwa, ataonda, atafunda chitenje mpaka kumutu. Anali atatsokomola miyezi ingapo, ndipo anayenda ulendo wonse kuchokela ku Nyalugwe, kudutsa kiliniki ya kwawo. Nesi mnzanga anawaitana kuti alowe m'chipinda chake, iwo anakana, anati adikila ine. Nthawi yawo itakwana analowa n'kukhala pampando osandiyang'ana. Ndinati, "Mwauka tyani, mulamu?" Sanayankhe moniwo. Anati, "Za atata sindinaiwale, ndipo musaganize kuti nabwela kuti tikambilane." Ndinati, "Ndamva." Anati, "Koma kuja kwathu angoti ni chimfine, ni chimfine. Imwe simunama, olo munthu akulilileni. Nifuna muniuze ngati nikufa." Atatelo anamasula chitenje, anatembenuka n'kundipatsa msana. Ndinatenthetsa chopimila m'manja mwanga, ndinachiika pansi pa phewa lawo, ndipo ndinawauza kuti akoke mpweya.